Mutu Umodzi Susenza Denga

Kumudzi, denga la nkhokwe amalimangira pansi. Amadula nsungwi, amazilukanitsa ndi luzi, ndipo likatha amaitana anthu. Abambo ndi anyamata amalizungulira, wina nkuwerengera, onse nkulikweza pamodzi mpaka likhale pamalo pake. Ntchito imeneyi ndiyo imene mwambi woti mutu umodzi susenza denga umatikumbutsa, ndipo palibe angautsutse. Koma aliyense amene anaimapo pansi pa denga lotere akudziwa chinthu china chimene mwambiwo sunena, choti kulemera sikugawika mofanana. Alipo amene khosi limawapweteka mpaka m'mawa mwake, alipo amene amangogwirizira ndi nsonga za zala, ndipo alipo amene amaima poteropo nkumauza anzawo kuti kwezani uku, tsitsani uko. Denga likakhazikika, onse amati tasenza.

Mwambiwu umandibwerera ndikamalingalira za banja la ku India, dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni, limene mu 2023 linapitirira China pa kuchuluka kwa anthu. Dziko lalikulu chotero silingakhale ndi banja la mtundu umodzi. Msikh wa ku Punjab, Msilamu wa ku Hyderabad, Mkhristu wa ku Kerala ndi Mhindu wa ku Bihar sadya zofanana, sapemphera mofanana, ndipo ngakhale chilankhulo cha makolo awo n'chosiyana. Komabe pali chithunzi chimodzi chimene ambiri a iwo anakula akuchilemekeza: agogo aamuna ndi aakazi, ana awo aamuna, akazi a anawo ndi zidzukulu, onse m'nyumba imodzi, kudya za m'poto m'modzi, ndalama kulowa m'thumba limodzi. Mwana wamkazi akakwatiwa amachoka kukakhala kwa apongozi ake, monga zimakhalira paukwati wa chitengwa. Mwana wamwamuna amatsala, ndipo ukalamba wa makolo umatsamira pa iye. Banja lotere n'lozikika kwambiri moti ngakhale lamulo la misonkho limalizindikira ngati munthu mmodzi wokhala ndi chuma chake, pansi pa dzina loti Hindu Undivided Family, ndipo mkulu woyendetsa chumacho amatchedwa karta. Ife kuno talionapo banja limeneli ndi maso athu. Amwenye ambiri amene makolo awo anachokera ku Gujarat zaka zoposa 100 zapitazo anakuza masitolo awo ku Limbe ndi kwina mwa njira yomweyi: bambo pa kauntala, mwana ku nyumba yosungira katundu, mlamu pa mabuku a ndalama, ndipo chakudya chamasana kuchokera ku khitchini imodzi.

Ubwino wa banja lotere sindiukayika ngakhale pang'ono. M'dziko limene anthu ambiri amagwira ntchito zopanda penshoni, banjali ndilo penshoni, ndilo inshuwalansi, ndilo sukulu yamkaka. Mwana salira yekha m'nyumba yotseka. Wina ntchito ikamuthera, mbale yake siichotsedwa pamphasa. Bambo akamwalira, ana ake amaleredwa ndi abale a bambo awo pakhomo pomwepo, ndipo mwana amakula akudziwa kuwerama ndi kukhudza mapazi a akulu popempha madalitso asanapite kukalemba mayeso. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo anthu a ku India anamanga moyo wawo wonse pa fupa limeneli.

Koma tiyeni tilowe m'nyumbamo m'bandakucha, tione amene wadzuka.

Ku Mumbai, kumene nyumba ndi zodula koopsa ndipo mabanja ambiri amapanikizana m'zipinda ziwiri za nyumba zosanjikizana, woyamba kudzuka nthawi zambiri ndi mtengwa, mkazi wa mwana wamwamuna. M'madera ambiri a mzindawo madzi a m'mipope amabwera kwa maola ochepa okha, choncho ayenera kutunga ndi kudzaza zidebe ena akadali m'tulo. Amasamba, amayatsa kanyali ndi lubani pa kakachisi kakang'ono ka pakona ya nyumba, kenako amateleka tiyi wa mkaka wothira jinja. Tiyiyo sakhala wamtundu umodzi: wa apongozi aamuna alibe shuga chifukwa cha matenda, wa apongozi aakazi ndi wowirira, wa mwamuna wake amafika naye kuchipinda. Pamoto pali pressure cooker, poto wotsekeka uja amene amaliza mluzu, ndipo mayi aliyense amadziwa kuti chipere cha nandolo chimapsa pa mluzu wachingati. Ufa wa tirigu amaukanda tsiku lomwelo, chifukwa chapati cha dzulo sichiperekedwa kwa akulu. Pali ndiwo zamasamba, pali mpunga, pali ana oti avekedwe yunifolomu ndi kulongedzeredwa kamba. Zonsezi zimachitika dzuwa lisanatenthe.

Nandolo wa m'potomo nthawi zina amakhala wochokera kwathu konkuno. India imalima nandolo wambiri kuposa dziko lina lililonse, komabe samukwanira, chifukwa chipere chimene iwo amachitcha toor dal chimadyedwa pafupifupi tsiku ndi tsiku m'makomo osawerengeka. Alimi a ku Phalombe, Mulanje ndi Chiradzulu akukumbukira m'mene mtengo unagwera mu 2017 pamene India inachepetsa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo mu 2021 maboma awiriwa anagwirizana kuti India izigula matani 50,000 a nandolo wa ku Malawi chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Mayi wopeta nandolo m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi mayi womuphika ku Mumbai sadzaonana, koma manja awo akumana pa mbewu imodzi.

Chakudya chikapsa, chamasana cha abambo chimalowa m'timakontena tachitsulo tosanjikizana. Pakhomo pamafika bambo wa kachipewa koyera, wa njinga yakapalasa, mmodzi wa anthu otchedwa dabbawala. Ntchito yawo inayamba m'chaka cha 1890. Mliri wa Covid usanafike analipo pafupifupi 5,000, ndipo ankanyamula zakudya pafupifupi 200,000 patsiku, kuchokera m'makomo, kudzera pa sitima za mumzinda, mpaka m'maofesi, akungodalira zizindikiro zopakidwa ndi penti pa zivundikiro. Kusasokoneza kwawo kunamveka dziko lonse lapansi, moti mu 2003 Charles, amene tsopano ndi mfumu ya Britain, anapita kukawaona. Ulemu umenewo ndi wowayenera. Chimene chimandikhudza n'choti m'nkhani zonse zotamanda ulendo wa kontenayo, munthu amene anadzuka usiku kuti mukontenamo mukhale kanthu satchulidwa kawirikawiri. Mwamuna amatsegula chakudya chakunyumba masana ali ku ofesi, amamva kuti mwambo wa makolo ake uli moyo, ndipo n'zoona uli moyo. Koma uli moyo chifukwa cha msana wa munthu wina.

Boma la India linayesa kuwerenga ntchito imeneyi. Kafukufuku wa m'mene anthu amagwiritsira ntchito nthawi yawo, wa mu 2019, anapeza kuti akazi 81 mwa 100 aliwonse ankagwira ntchito za pakhomo zosalipidwa, pamene amuna anali 26 okha mwa 100. Mkazi wogwira ntchitozo ankathera mphindi 299 patsiku, kutanthauza pafupifupi maola asanu, ndipo mwamuna amene ankagwirako ankathera mphindi 97. Apa sitinawerengere kulera ana ndi kudwazika okalamba. Ndipo m'makomo ambiri, makamaka kumidzi ya kumpoto, wophikayo ndiye amadya pomaliza, amuna ndi ana atakhuta.

Kusintha kunabwera ndi mphamvu m'chaka cha 1991, pamene Manmohan Singh, ali nduna ya zachuma, anatsegula chuma cha India ku malonda akunja. M'zaka zotsatira mizinda ya Bengaluru, Hyderabad, Pune ndi Gurugram inadzaza ndi makampani a zamakompyuta, ndipo achinyamata anasiya matauni a makolo awo kutsata ntchito. Atsikana nawonso analowa m'makoleji mwaunyinji. Njira yawo inalambulidwa kalekale: Savitribai Phule ndi mwamuna wake Jyotirao anatsegula sukulu ya atsikana ku Pune mu 1848, anthu akumugenda Savitribai ndi ndowe popita kukaphunzitsa. Lero mdzukulu wa mayi amene sankatha kulemba dzina lake ndi injiniya, dokotala kapena mkulu wa nthambi ya banki. Makolo a mnyamata pofuna mkazi wa mwana wawo amafuna wophunzira, wa ntchito yabwino, chifukwa malipiro awiri ndiwo angakwanitse kubweza ngongole ya nyumba. Koma akafika pakhomo amayembekezeredwanso kukhala mtengwa wa kale lija: wodzuka woyamba, wosala kudya pa masiku opatulika, wodziwa zokonda za mlamu aliyense, wolandira alendo osanena za kutopa. Chatsopano anachilandira, chakale sanamutule. Amachoka ku ofesi madzulo, amaima m'sitima yodzaza, ndipo ena amayamba kusadzula ndiwo zamasamba ali m'sitima momwemo kuti akangofikira kuteleka.

Mu 2021 filimu ya m'chilankhulo cha Malayalam yotchedwa The Great Indian Kitchen, yopangidwa ndi Jeo Baby, inagwedeza dziko lonse. Mulibe nkhondo, mulibe kumenyana. Imangoonetsa mkazi wongokwatiwa kumene akudula, akukazinga, akutsuka mbale, akupukuta patebulo pamene amuna atayapo zotsala, tsiku ndi tsiku, mpaka woonera kutopa naye limodzi. Akazi ambiri anati aona moyo wa amayi awo. Amuna ena anakwiya, ndipo ine ndimaona kuti mkwiyo wawo unali umboni woti filimuyo inalasa penipeni.

Mabanja opezako bwino anapeza njira yochepetsera mkanganowu, ndiyo kulemba wantchito. Mayi wina amabwera m'mawa kudzatsuka mbale ndi kukolopa, wina kudzaphika. Zimathandizadi, ndipo ambiri mwa amayiwa amaphunzitsa ana awo ndi ndalama zimenezi. Koma tisadzinamize kuti katundu wagawidwa. Wangochoka pamutu pa mkazi wophunzira nkupita pamutu pa mkazi wosauka, kawirikawiri wa mtundu wonyozeka m'dongosolo la caste, amene akaweruka amakayambanso ntchito zomwezo kunyumba kwake. Mwamuna wa m'nyumba zonse ziwiri amakhala sanagwirebe mbale. Makina nawo athandiza. Kuyambira mu 2016 boma lakhala likupereka masilinda a gasi kwa amayi osauka kudzera m'ndondomeko ya Ujjwala, kuti asiye kuphikira nkhuni ndi ndowe zouma zimene utsi wake umawononga mapapo. N'chinthu chachikulu kwa mayi amene ankatsokomola pamafuwa, ngakhale ambiri amavutika kudzazitsanso silindayo ikatha. Koma gasi amasintha moto, sasintha wophika.

Pa nkhani ya ukwati ndi pamene zakale ndi zatsopano zalukana kwambiri. Maukwati ambiri ku India akadali okonzedwa ndi makolo. Chimene chasintha ndi njira yake. Kale azakhali ndi ansembe ndiwo ankanyamula mbiri ya mnyamata kupita nayo ku banja la mtsikana. Lero mbiriyo imaikidwa pa intaneti, pa masamba monga Shaadi.com ndi BharatMatrimony, ndipo nthawi zambiri ndi makolo amene amailemba: msinkhu, maphunziro, malipiro, chipembedzo, mtundu, ndi nyenyezi za tsiku lobadwa. Achinyamatawo amakumana, amamwa khofi, amalemberana mauthenga kwa miyezi ingapo, ndipo mtsikana wa m'tauni angathe kukana. Ufulu wokana umenewu si waung'ono, agogo ake ambiri anaona nkhope ya mwamuna wawo tsiku la ukwati. Komabe mpanda wa mtundu sunagwe. Lamulo la Special Marriage Act la 1954 limalola anthu a zipembedzo ndi mitundu yosiyana kukwatirana, koma kafukufuku wamkulu wa mabanja wa mu 2011 ndi 2012 anapeza kuti maukwati pafupifupi 5 okha mwa 100 ndiwo anali a anthu a caste yosiyana.

Palinso chuma cha ukwati. Mosiyana ndi malowolo, ku India ndi banja la mkazi limene limapereka kwa banja la mwamuna: golide, ndalama, firiji, njinga yamoto, ngakhale galimoto. Lamulo linaletsa mchitidwewu mu 1961, koma unangosintha dzina nkumatchedwa mphatso, ndipo chitukuko chinangowonjezera zinthu zofunidwa. Mabuku a apolisi a dzikolo amalemba imfa za akazi pafupifupi 6,000 chaka chilichonse zokhudzana ndi mikangano ya chumachi. Pamenepa palibe zoti tilinganize mwambo ndi kusintha. Mwambo umene umapha mwana wa munthu chifukwa bambo ake sanagule galimoto ndi woyenera kufa, ndipo anthu ambiri a ku India eni ake, amayi ndi abambo, akhala akulimbana nawo kwa zaka zambiri.

Chuma chamasiye chili ndi nkhani yakeyake. Mu 2005 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la Hindu Succession Act la 1956 kuti mwana wamkazi akhale ndi gawo lofanana ndi la mlongo wake pa chuma cha makolo, ndipo mu 2020 khoti lalikulu la dzikolo linatsimikiza kuti ufuluwu ndi wobadwa nawo. Papepala nkhani inatha. Koma pakhomo, mwana wamkazi amene wapempha gawo lake la munda amaonedwa ngati wadula chibale. Ambiri amasaina kuti asiyira alongo awo, chifukwa akudziwa kuti ukwati ukadzavuta, khomo lokhalo limene angagogode ndi la mlongo yemweyo. Chaka chilichonse pa chikondwerero cha Raksha Bandhan mkazi amamanga kaulusi padzanja la mlongo wake, ndipo mlongoyo amalonjeza kumuteteza. Ndi mwambo wokongola. Ungakongole koposa chitetezocho chikanakhala chosagulidwa ndi munda.

Tsopano ndinene za munthu amene nkhani zotere zimakonda kumusandutsa mfiti, ndiye apongozi aakazi. Masewero a pa TV a ku India, amene ena amaonetsedwa ngakhale kuno, anadzaza ndi apongozi ankhanza ndi atengwa olira. Koma mayi ameneyu sanabadwe ali mpongozi wa munthu. Nayenso anafika pakhomopo ali mtsikana, nkhope yophimba, osadziwa aliyense. Anadzuka usiku kwa zaka makumi atatu, anadya zotsala, anadwazika makolo a mwamuna wake mpaka kuwaika m'manda. Anapirira zonsezo ndi pangano limodzi losalembedwa: udzabereka mwana wamwamuna, iye adzakwatira, ndipo tsiku lina nawenso udzakhala pansi wina nkukupatsa tiyi. Analipira mbali yake yonse. Nthawi yolandira itakwana, mwana wapeza ntchito ku Bengaluru kapena ku New Jersey, mkazi wake ali ndi ofesi yake, ndipo akuti adzabwera pa chikondwerero cha Diwali. Mkwiyo wa mayi wotere, umene umatulukira pa mchere wa ndiwo ndi pa kavalidwe ka mtengwa, ndi mkwiyo wa munthu amene anasunga chuma chake chonse m'nkhokwe imene yaphwasuka iye akuona. Sindikuvomereza nkhanza zake pamene zilipo. Ndikungoti amene akufuna kuti mtengwa apume ayeneranso kunena za amene adzasamale mayi uyu, chifukwa akazi awiriwa akulimbirana mpumulo umodzi, pamene amuna a pakhomopo, amene ndiwo apindula ndi thukuta la onse awiri, akhala pakhonde akuwerenga nyuzipepala.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo m'banja la ku India agogo ndiwo ankazimitsa mikangano, kusunga nthano, kuphunzitsa mapemphero. Koma dambo nalo limauma likasiyidwa. Ku Kerala, kumene anthu akhala akupita kukagwira ntchito ku Dubai, Kuwait ndi Saudi Arabia kuyambira m'ma 1970, ndiponso kumene anamwino ambiri amachokera kupita ku Britain ndi America, kuli midzi monga Kumbanad ya nyumba zikuluzikulu zomangidwa ndi ndalama zakunja, zina zokhoma ndi maloko, zina zokhala nkhalamba imodzi kapena ziwiri. Mu 2022 anthu a ku India okhala kunja anatumiza kwawo ndalama zoposa madola 100 biliyoni, kuposa dziko lina lililonse. Ndalamazo zimagula mankhwala, zimalipira wodwazika, zimamanga mpanda. Sizingaperekeze munthu kuchimbudzi usiku. Foni zathandiza, makamaka kuyambira mu 2016 pamene kampani ya Jio inagwetsa mtengo wa intaneti. Agogo amatumiza moni wa m'mawa ndi zithunzi za maluwa pa gulu la banja la WhatsApp, amaona mdzukulu akuyamba kuyenda kudzera pa vidiyo, amatsogolera pemphero ana ali kutsidya kwa nyanja. Ndi chitonthozo chenicheni, ndipo sindingachinyoze. Koma dziko limene linkanyadira kuti silisowa nyumba zosungira okalamba linafika pokhazikitsa lamulo mu 2007 lokakamiza ana kusamala makolo awo. Lamuloli limapatsa kholo mphamvu yokasumira mwana wake kuti azilipatsa ndalama mwezi ndi mwezi, ndiponso yolanda nyumba imene linapereka kwa mwana amene pambuyo pake walitaya. Makolo ochepa ndiwo amalimba mtima kutero. Mayi amalolera kugona ndi njala kusiyana ndi kuimika mwana wake pabwalo la milandu.

Palinso masamu osavuta amene akuphwanya dongosolo lakale popanda wina kulitsutsa. M'ma 1960 mayi wa ku India ankabereka ana pafupifupi asanu ndi mmodzi. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2019 mpaka 2021 anapeza kuti tsopano ndi ana awiri. Pa ana asanu ndi mmodzi sipankalephera kupezeka wamwamuna wotsala pakhomo. Pa ana awiri, mabanja ambiri ali ndi atsikana okhaokha. Ena anayesa kulimbana ndi masamuwa mwa njira yoipa, kuunika mimba ndi kuchotsa ya mwana wamkazi, mpaka boma linaletsa kuulula za mwana ali m'mimba mu 1994. Kalembera wa 2011 anapeza kuti ku Haryana kunali atsikana aang'ono 834 okha pa anyamata 1,000, ndipo lero amuna ena a kumeneko amakafuna akazi ku zigawo zakutali. Koma mabanja ena ambiri anangovomereza zimene maso awo akuona, kuti amene akuwatengera kuchipatala, amene akulipira lendi, amene akuimba foni tsiku lililonse, ndi mwana wamkazi uja ankatchedwa chuma cha eni. Pa mwambo wa Chihindu, woyatsa moto wotentha mtembo wa kholo ndi mwana wamwamuna. Mu Ogasiti 2018, pa maliro a Atal Bihari Vajpayee, amene anakhalapo nduna yaikulu ya dzikolo, amene anayatsa motowo dziko lonse likuonera anali Namita, mwana wamkazi amene iye anamulera. Ana aakazi ambiri osatchuka achita chimodzimodzi m'midzi ndi m'matauni, ena achibale akung'ung'udza, ndipo miyamba sinagwe.

Amene amati banja lalikulu latha ku India akulakwitsa. Mu Malichi 2020, boma litalamula mwadzidzidzi kuti aliyense akhale m'nyumba chifukwa cha Covid, anthu ankhaninkhani ogwira maganyu m'mizinda anapezeka opanda ntchito, opanda sitima, opanda basi. Anasenza ana ndi mitolo nkuyamba kuyenda pansi, ena makilomita mazanamazana, kulowera ku Uttar Pradesh ndi Bihar. Ena anafera m'njira. Madzi saiwala khwawa. Mzinda umene anaumanga ndi manja awo utawakana, malo amene anali otsimikiza kuti sakawabweza anali pakhomo pa makolo. Kumeneko anawalandira, ndipo amene anawonjezera madzi m'poto kuti chakudya chikwanire anthu khumi m'malo mwa asanu anali amayi omwe aja.

Banjali silikutha, likusintha maonekedwe. M'mizinda ambiri amagula nyumba ziwiri zoyandikana, makolo pansi ana pamwamba, khitchini ziwiri koma khomo losakhoma. Agogo amakwera ndege kukakhala miyezi ingapo kwa mwana amene wabereka kumene. Makolo a mkazi, amene kale kumadera ena sankamwa ngakhale madzi m'nyumba ya mwana wawo wokwatiwa, lero amakhala naye. Ndipo India yomweyo ili ndi zitsanzo zake za njira ina: pakati pa Akhasi a ku Meghalaya mtundu umatsata mayi, mwamuna amakakhala kwa mkazi monga mkamwini, ndipo mwana wamkazi wotsiriza ndiye amasunga nyumba ndi kusamala makolo. Zimenezi zikuonetsa kuti kusiya zonse m'manja mwa mtengwa si lamulo la chilengedwe. Ndi dongosolo limene anthu anapangana, ndipo anthu angathe kupangananso.

Kwa ine funso loti banja la ku India lisankhe mwambo kapena zamakono ndi funso losokeretsa. Palibe mtsikana wa ku Pune amene akufuna kuti nyali za Diwali zizime, kapena kuti ana ake akule osadziwa agogo awo. Palibenso gogo amene akufuna mdzukulu wake wamkazi asaphunzire. Zimene onse akufuna n'zotheka kukhala pamodzi, pokhapokha mwana wamwamuna, amene dongosolo lonseli linamangidwa momuzungulira, atalowa m'khitchini, atasambitsa bambo ake odwala ndi manja ake, atadzuka usiku mwana akalira, ndipo atauza mayi ake mwaulemu kuti mkazi wake watopa. Alipo amene ayamba kutero, makamaka mwa achinyamata amene anaphunzira kudziphikira ali kutali ndi kwawo, ndipo ndi oyenera kuyamikiridwa. Koma akadali ochepa. Kafukufuku uja wa nthawi anabwerezedwa mu 2024. Anapeza kuti mphindi zimene mkazi amathera pa ntchito za pakhomo zatsika kuchoka pa 299 kufika pa 289 patsiku. Za mwamuna nazonso zinatsika, kuchoka pa 97 kufika pa 88.